Bambo Wofotokozera Mafilimu Osalankhula

Ku yunivesite ndinapita kuti ndikakhale injiniya. Ine ndi masamu tinasiyana mwamtendere, popanda ankhoswe, ndipo ndinatsala mu Toronto ndi sutikesi imodzi ndi chikhoti chobwereka. Ntchito imene ndinapeza inali yong'amba matikiti pa kanyumba koonetseramo mafilimu akale m'katikati mwa tauni, pomwe basi za panjanji zimakhota molira ngati zapondedwa chala. Anandipatsa jekete lofiira ndi tochi. Udindo waukulu chotere sindinaulandireponso mpaka lero.

Munali m'zaka za m'ma 1990, nyengo yachisanu. Ndinkagona m'chipinda cha pansi pa nyumba ya mayi wina, zenera lake loonetsa nsapato za odutsa basi. Kumacheza a anthu akwathu ndinali nditasiya kupitako, chifukwa kumeneko moni ukangotha pamabwera funso lakuti, "Sukulu ikuyenda bwanji?" Choncho Chichewa changa ndinkalankhula ndi ketulo, yomwe mayankho ake anali amodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Bwana wanga anali mzungu wowonda, wandevu, wokonda mafilimu kuposa anthu. Anaganiza zoti Lamlungu lililonse masana tizionetsa ntchito za dayirekita wina, wopanga mafilimu wa ku America, wa nthawi imene kanema anali asanayambe kulankhula. Filimu isanayambe, bwana ankaima kutsogolo n'kulalikira mbiri ya munthuyo kwa anthu ochepa, ambiri mwa iwo othawa chisanu. Ine ndinailoweza ngati katekisimu. Munthuyo anayamba ndi ganyu yogwa pa hatchi m'malo mwa ena. Tsiku lina dayirekita weniweni ataledzera, anamubwereka iye mpando, ndipo sanaubwezenso. Ankajambula mafilimu ngati akukazinga mandasi: a mbava, a sitima, a atsikana omangiriridwa pampando. Kenako kanema anayamba kulankhula, mabwana n'kuona kuti mkuluyu alibe chonena. Mafilimu ake ambiri anapsa kosungirako. Anakalamba akuima m'chigulu cha anthu m'mafilimu a anzake, atavala chipewa, osapatsidwa ngakhale liwu limodzi.

Akafika pamenepa bwana ankausa moyo, mayi wa piyano n'kuyamba kuliza, ine n'kuzimitsa magetsi.

Lamlungu lina mbava ikukwera pazenera pachinsalu choonetserapo filimu, ndinamva mawu mumdima.

"Wabweratu uja. Iwe mtsikana, tacheuka. Aa, ana a masiku ano."

Poyamba ndinayesa ketulo yanditsatira. Koma anali bambo wachikulire wa kofiya yoyera, atakhala pamzere wapakati, chikhoti ali chivalire. Chichewa chawo chinali chothiramo Chiyao pang'ono. Sankakuwa ayi, ankangofotokoza modekha. Hatchi ikapunthwa ankaipepesa. Mawu a Chingerezi akalembedwa pachinsalu, ankawatanthauzira m'njira yawoyawo, ndipo awo ndiwo ankakoma.

Sindinawalonjere, poopa funso lija la sukulu. Ndinkangoima kumbuyo ndi tochi yanga, Lamlungu lililonse ndikusendera pafupi, kumamwa Chichewa chaulere. Sabata yonse ndinkadikira masana amenewo monga anthu ena amadikirira chibwenzi.

Kwathu kanema saonera chete. Galimoto ya mafilimu ikabwera pabwalo la sukulu, anthu ankachenjeza ngwazi, kutukwana mbava, wina ali pambali kufotokozera omwe sadziwa kuwerenga. Ku Toronto chete amabwera limodzi ndi tikiti. Anthu anayamba kutembenuka, kutsokomola, kenako kudandaula.

Bwana anandiitana. "Chinenero chimenechija umachimva, ndakuona ukuseka. Ukamuuze asiye. Akapanda kusiya, asabwerenso."

Ndinaganizira nkhaniyi ndi nzeru zonse za injiniya wa theka. Akasiya kubwera, ndibwerera kwa ketulo. Akakhala chete, chimodzimodzi. Njira inalipo imodzi: kuwapempha kuti azikhala pamzere wakumbuyo, pafupi ndi ine, azinong'onera khutu langa lokha.

Lamlungu lotsatira, bwana ali mkati mwa ulaliki wake, ndinapita n'kunjuta pafupi ndi mpando wawo.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Anayang'ana jekete, tochi, kenako nkhope yanga. "Iwe, nthawi yonseyi ndiwe wathu? Ine ndimayesa wapolisi. Kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza."

"Ndiye kuzizira unabadwa nako. Ife a ku Mangochi kuno tinangobwera kudzalangidwa."

Anandiuza kuti amagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu ku Brampton, kunja kwa Toronto, ndipo amakhala kwa mwana wawo. Zidzukulu ukazilankhula Chichewa zimayankha Chingerezi, chikhalirecho zikuyang'ana wailesi ya kanema. Ali mnyamata, iwo ndiwo ankaima pambali pa galimoto ija n'kumafotokozera anthu filimu.

"Mafilimu olankhulawa sakupatsa mpata," anatero. "Awa ndiye aulemu. Amadikira munthu."

Za sukulu sanafunse.

Tsopano, munthu wamkulu sumuuza kuti asamuke ngati ukuingitsa nkhuku. Umayambira kutali. Ndinayambira kutali ndithu. Ndinafunsa za ulendo wa pasitima, za mwana wawo, za mvula ya kumudzi. Dongosolo langa linali lakuti ndifike pa mawondo awo, kuchoka pa mawondo ndinene kuti mipando yakumbuyo ili ndi malo otambasulira miyendo. Ndinali nditangofika pa mawondo pamene bwana anausa moyo, piyano n'kuyamba. Ndinathamangira kumagetsi.

Tsiku limenelo bambowo anali ndi womvera, ndipo anagwira ntchito yawo ndi mtima wonse. Mawu anakwera. Ankatembenukira kumbuyo n'kumati, "Mwana wa ku Dedza, waiona mbava yako?" Ndinaona bwana akutsika pakati pa mipando. Iye sananjute. Anawerama n'kunena mawu ochepa a Chingerezi, ofika pamutu pa nkhani nthawi yomweyo.

Bambowo anaimirira, n'kumanga mabatani a chikhoti mosafulumira. Ndinawaunikira njira mpaka pakhomo, chifukwa imeneyo inali ntchito yanga.

"Unatumidwa eti?" anandifunsa.

"Eya, bambo. Koma ndinali ndisanafike."

"Unaleredwa bwino. Vuto lako ndi limenelo." Anakonza kofiya. "Mbava ija aigwira, usade nkhawa."

Anatuluka kulowera kokwerera sitima, chipale chofewa chikuwagwera m'mapewa. Sanabwerenso. Pa zonse zimene ndinafunsa, sindinafunse dzina la msewu wawo. Brampton ndi wamkulu, ndipo nyumba zosungiramo katundu kumeneko zimafanana ngati zinabadwa kwa mayi mmodzi. Ndinapitako ndithu tsiku lina lopuma, n'kuzungulira pabasi mpaka zala zitauma.

Mbava anaigwiradi.

Lamlungu lomaliza tinaonetsa filimu yomwe bwana anati ndi yotsiriza ya dayirekita uja. Holo inali zii, monga anthu ankafunira. Mtsikana wina pachinsalu ankapesa tsitsi, chitseko chikutseguka kumbuyo kwake. Ndinadikira pang'ono, ngati kuti wina ayamba.

"Iwe, tacheuka," ndinatero chapansipansi.

Bwana anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinatsokomola, n'kuunika pansi ngati ndataya kanthu.