Tsiku Limene Ananditcha "Cheeky"

Ntchito yanga yoyamba inali yosita, pa sitolo ina yochapa zovala za azungu m'tauni ya Blantyre, nthawi ya chitaganya. Anandipezera ndi a Fulansisko, mkulu wa kwaya kutchalitchi kwathu, amene ankasita pomwepo. Ndinali nditangofika kuchokera ku Chikwawa ndi mkazi wanga ali woyembekezera, tikukhala m'kachipinda ka lendi ku Mbayani. Popanda ntchito imeneyo, kachipindako tikanatulukamo.

A Fulansisko anandiphunzitsa zonse. Simbi yamakala umaikupiza mpaka phulusa lichoke, kenako umaiyesa pachiguduli. Shati umayamba kolala, kubwera mikono, thupi pomaliza. Thalauza laubweya suligunditsa simbi. Umayala kansalu konyowa pamwamba, apo ayi limanyezimira ngati mamba a nsomba.

Liwu lakuti "cheeky" ndinkalimvera kukauntala. Dona, mwini sitolo, ankalinena kwa mwana wake akamubera switi, uku akumutsina tsaya. Ankalinenanso kwa makasitomala achizungu akamuseleula, n'kuseka mpaka misozi. Ndinafunsa a Fulansisko tanthauzo lake.

"Ndi munthu wanthabwala, woseleula anzake mokoma," anatero. "Koma inu achimwene, zisiyeni zimenezo."

Sindinafunse chifukwa chake. Kwathu ndinkadziwika ndi macheza, moti ngakhale pamaliro adzukulu ankandisungira malo. Kukhala chete tsiku lonse pakamwa pankandiyabwa.

Tsiku lina Dona anandiitanira kutsogolo. Panali bwana wina wa kuminda ya tiyi, wamimba ndithu, atanyamula thalauza lake. Ankati ndalichepetsa. Ndinaliyeza ndi tepi, ndipo linali momwe linabwerera. Ndiye m'Chingerezi changa cha kumishoni ndinati thalauza lilibe mlandu, mwina khukhi wa bwana ndiye akuphika bwino mopitirira.

Bwanayo anandiyang'ana, kenako anayang'ana Dona. "Cheeky," anatero.

Sanaseke, koma ndinaganiza kuti azungu ena amasekera m'mimba. Ndinamwetulira n'kunena kuti zikomo bwana.

Dona anafiira makutu. "Vula epuloni," anatero m'Chinyanja chake chothyokathyoka. "Basi. Pita."

Ndinabwerera kuseri. Simbi inali ikadali yotentha, ndiye ndinamaliza mkono wa shati umene ndinausiya. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinamalizira chiyani. Sindinakwiye, sindinachite mantha. Mumtima munangoti zii.

A Fulansisko sanadzutse mutu. "Liwu lija lili ndi eni ake," ananong'ona. "Akauzana okhaokha ndi nthabwala. Akakuuzani inu ndiye kuti mwachita mwano."

Ndinayenda mpaka ku Mbayani dzuwa lili paliwombo. Mkazi wanga anafunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi, n'kukhala pakhonde kumayang'ana nkhuku za eni nyumba. Mwezi utatha tinatuluka m'chipindamo, iye n'kupita kukachirira kwa amayi ake kumudzi. Mwana wanga woyamba ndinakamuona akukwawa kale.

Ndinaphunzira kuti kudziwa tanthauzo la liwu sikukwanira, uyenera kuonanso kuti akulinena kwa yani. Pambuyo pake ndinasita kwa azungu ena mpaka chitaganya chinatha, ndipo onse ankandiyamikira kuti ndine munthu wofatsa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo nthabwala yanga.