A Chipeso Sameta, Amakonza

A Chipeso anali wometa, koma mutu wawo unali dazi lokhalokha. Dzinalo linachokera ku chipeso chimene chinkakhala m'thumba la malaya awo, chosalidziwa n'komwe tsitsi la mwini wake. Kachipinda kawo kanapanikizika pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mafoni. Munali mpando umodzi wozungulira, kalilole wothimbirira m'makona, benchi, ndi mashini ometera olira ngati akudandaula.

Munthu wokalambira pamitu ya anthu amaona zambiri. Pomwe ankayamba ntchitoyi, osauka a pabenchipo anali okalamba, obwera ndi jekete zong'ambika m'zigongono kudzapempha kuti angowachotsako ndevu. Zinthu zinatembenuka. Okalamba ambiri a mumsewuwo tsopano anali ndi kapenshoni, nyumba anamanga kale, ndipo ankabwera tsitsi lisanakule n'komwe, kudzapha macheza. Amene anasowa anali abambo achinyamata ndi ana awo. Lendi, sukulu, ntchito za lero ilipo mawa palibe, ndani angaganize za tsitsi? Ana anayamba kudutsa pakhomopo ndi mitu yometedwa kunyumba ndi sizasi, makwerero okhaokha.

Zimenezi zinkawawawa a Chipeso mumtima. Koma ankadziwa kuti kuuza bambo wa mwana kuti "bwera naye ndimumete ulere" n'kumuvula pagulu. Choncho anasankha kukalipa.

"Inu achimwene, mwanayu akadutsa pano ndi mutu wotere anthu aziti ndameta ndine. Mukufuna kundithera bizinesi? Mukhazikeni apa ndikonze."

Bamboyo akapisa m'thumba, iwo ankachita tsinya. "Ndameta ngati? Ndakonza dzina langa. Kukonza sindilipiritsa."

Nkhani inayenda msewu wonse. Posakhalitsa mitu inayamba kubwera yongobudulidwa malo amodzi, pamwamba pa khutu, kuti pakhale chifukwa. A Chipeso ankaona bwinobwino, n'kukalipa chimodzimodzi. Mkuluyu anali katswiri pa sizasi, koma pa kusunga ulemu wa munthu wosauka panalibe wofanana naye.

Mutu umodzi wokha ndi umene sunkabwera, wa mkamwini wawo. Anali mwamuna waulemu, ndipo chikwatirireni mwana wawo sanalolepo kumetedwa osalipira. Fakitale imene ankagwirako itatseka, anangosiya kubwera. Tsitsi linakula, iye n'kuyamba kuvala chipewa ngakhale kutenthe bwanji. Paja manyazi anapha lambe.

Tsiku lina m'mawa mwana wawo wamkazi anaima pakhomo, khanda lili kumbuyo.

"Bambo, mwamuna wanga amuitana mawa kuhotela, akufuna wolandira alendo. Koma akuti sangakaonekere ndi mutu umene uja, bola asapite."

"Ndiye abwere. Mpando uwu ukudikira ndani?"

"Mukumudziwa. Mukamuitana, kapena akadziwa kuti ndakuuzani, ndiye zathera pompo. Kunyumba zinthu zathina, bambo."

A Chipeso tsiku limenelo anameta maso ali pakhomo. Mkulu wina wopuma ntchito anadandaula kuti amusiyira ndevu mbali imodzi. A Chipeso anaganiza zotenga mashini n'kupita okha kunyumbako, koma anadziwa kuti akatero amuswa mtima mkamwiniyo pamaso pa mkazi wake. Chimene akanatha chinali kudikira basi, ndipo kudikirako kunali kowawa.

Dzuwa litapendeka, benchi itatsala yokha, iwo akusesa tsitsi, pakhomo panagwa chithunzithunzi. Anali mkamwini uja. Anapereka moni wa ulemu wonse, n'kufunsa za thanzi lawo, maso ali pansi. Kenaka anavula chipewa pang'onopang'ono.

Pamwamba pa khutu panali chigamba chachikulu chofika pakhungu, ndipo nsonga ya khutulo inali ndi kabala kofiira.

"Ndinayesa kudzimeta ndekha, bambo. Zalakwika."

A Chipeso ankafuna kumugwira paphewa n'kumuuza kuti khalani mwana wanga, musavutike. Koma chisoni chikanamuthamangitsa. Munthuyu anabwera kudzakalipiridwa ngati wina aliyense, ndipo anayenera kulandira zake zokwanira. Anatsokomola, n'kuchita tsinya.

"Inu, mkamwini wa wometa kuyenda ndi mutu wotere? Mukufuna anthu aziti chiyani za ine? Khalani apa ndikonze."

Mawu omalizawo anatuluka osweka. Mkamwini anakhala, iwo n'kumufunditsa nsalu m'khosi. Asanayatse mashini, anatembenuza mpando kuti ufulatire kalilole, chinthu chimene sanachitirepo kasitomala aliyense. Sankafuna kuti wina aone m'maso mwa mnzake.