Kalisto Ayamba Ntchito ku Naperi

Anjelina Makwinja ankakhala ku Chilomoni, koma ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Naperi, kwa a Nyirenda a ku Rumphi, omwe ankagwira m'boma pamodzi ndi akazi awo. M'mawa ankakwera minibasi, madzulo ankabwerera wapansi.

Mu 1995 anabereka mwana wamwamuna, Kalisto. Patatha milungu isanu anabwerera kuntchito, mwanayo n'kuwasiyira apongozi ake, amene anachoka ku Phalombe kudzathandiza. Apongoziwo anagamula kuti mkaka woswera m'bere tsiku lonse, n'kuyendanso padzuwa, umasasa. Anjelina akafika mabere atadzaza, ankamuuza kuti ayambe wafinyira pansi kuseri kwa nyumba. Masana mwana ankamwa phala lamadzimadzi ndi tiyi.

Kalisto anayamba kutsegula m'mimba, liwombo n'kulowa. Kusikelo anesi anakalipa kuti mwana wamsinkhu umenewo ndi wa bere basi. Apongozi anati anesiwo ndi ana adzana. Feston, mwamuna wa Anjelina, atafunsidwa, anati pano ndi matipate, aliyense ali ndi ufulu wa maganizo ake. Kenako anapita kukaonera mpira.

Anjelina anapempha mayi Nyirenda kuti azibwera ndi mwana kuntchito.

"Anjelina, kuno si kunazale," anatero mayiwo uku akufunafuna makiyi a galimoto.

Lolemba lotsatira Anjelina anabwera naye atamubereka. Mayi Nyirenda anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana mulu wa zochapa, ndipo anati makolala a malaya a bambo asitidwe bwino. Za mwana sanatchule, tsikulo ngakhale mawa lake. Anjelina ankakolopa mwana ali kumsana. Akalira, ankakhala naye pasitepe ya kukhitchini n'kumuyamwitsa. Kukabwera alendo ankakayamwitsira kuseri kwa galaja.

Apongozi, ngakhale panalibenso woti amulere, anakhalabe miyezi inayi asanabwerere ku Phalombe. Kumeneko anauza anthu kuti mdzukulu wawo wanenepa chifukwa cha phala lawo.

Kalisto anayamwa chaka ndi miyezi isanu ndi itatu. Mayi Nyirenda anamutchula koyamba tsiku limene anayenda yekha mpaka pabalaza, n'kukoka kansalu ka pawailesi pamodzi ndi maluwa apulasitiki.

"Wantchito mnzakoyu wayamba kulowerera madipatimenti a eni," anatero.

Loweruka lake mayiwo anabwera kuchokera kutauni ndi nsapato zofiira za mwana, n'kuziika patebulo la kukhitchini. Zinali zazikulu. Kalisto anadzayamba kuzivala chaka chinacho.