Thobwa ndinataya ndine, ufiti anaunamizira wina

Inu owerenga, ine ndinaipitsa dzina la munthu wosalakwa chifukwa cha kapu imodzi ya thobwa. Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti pakamwa panga sipanatuluke bodza, koma lero ndavomereza kuti kukhala chete kwanga kunaposa bodza. Ndalemba izi kuti wina asadzachite zopusa ngati zimene ndinachita ine.

Ndimagwira ntchito yotaipa pasukulu ina ya sekondale ya mpingo, kumapiri kuno pakati pa Dowa ndi Ntchisi. Mu ofesi muli kompyuta imodzi yokha, ndipo woigwira ndine ndekha. Makalata, mayeso, mayina a ana, zonse zimadutsa m'zala zangazi. Ndisabise, ndinkadzimva. Mphunzitsi akafuna kuikhudza ndinkamuyang'ana ngati walowa m'nyumba mwanga osaodira. Pakhoma ahedi anamata pepala loletsa kudya kapena kumwa pafupi ndi makinawo, ndipo wotaipa pepalalo ndinali ine ndemwe.

Mu ofesimo ankasesamo mayi wina wamasiye amene tonse tinkangowatchula kuti mayi a Esitere. Kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera kuno ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo bamboyo atamwalira, mpingo unawamvera chisoni n'kuwapatsa ntchito yosesa ndi kanyumba kuseri kwa sukulu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Esitere, anali Folomu 3 pomwepo, mtsikana wanzeru zake. Mayiwo sanali olankhulalankhula, ndipo kwathu kuno munthu wobwera akakhalanso wachete, anthu samukhulupirira.

Lolemba lina mu Novembala, mvula isanagwe, kukutentha koopsa, ndinali kutaipa mayeso a kumapeto kwa teremu. Ndinatulutsa botolo la thobwa m'chikwama n'kuthira m'kapu. Foni inalira, ndipo potembenuka chigongono chinakankha kapu ija, thobwa lonse khuthu pa kiyibodi. Ndinatseka chitseko msanga n'kupukuta pamwamba mpaka mabatani onse kuwala. Zoti ndizule chingwe, ndiizondotse kuti thobwalo lituluke, sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Nzeru zanga zonse zinali pakuti wina asaone. Tsiku limenelo inagwira bwinobwino mpaka kuweruka, ine n'kumati ndapulumuka.

Lachitatu mabatani ena anayamba kulimba. Ukadina, batani likulowa koma osabwerera. Lachinayi zinafika poipa. Ndikangoyatsa kompyuta, chilembo chimodzi chinkangodzilemba chokha, mzere ndi mzere mpaka tsamba kudzaza, manja anga ali pamwendo. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, osatheka. Ndinazula chingwe n'kuchilowetsa pabowo lina kumbuyo, chimodzimodzi. Mumtima ndinkadziwa bwino lomwe chimene chayambitsa, koma ndinapita kwa ahedi ndi nkhope ya munthu wodabwa, n'kuwauza kuti kompyuta yayamba misala. Aphunzitsi anadzaza mu ofesi kudzaonera makina olemba popanda wowagwira. Wina anaseka, koma achiwiri kwa ahedi, bambo wokonda kuona zinthu zimene ena sakuziona, anapukusa mutu n'kunena kuti zimenezi si za bwino.

Lachisanu m'mawa ndinapeza phulusa litathiridwa mozungulira miyendo yonse inayi ya tebulo la kompyuta, lina litatsata khoma mpaka pakhomo. Ine ndinakulira kumudzi. Ndimadziwa kuti phulusa amathira potchinga nyerere, ndipo nyererezo ndinali nditaziona dzulo lake zikukwera mwendo wa tebulo mondondozana, kulondola shuga wa m'thobwa langa. Koma achiwiri kwa ahedi aja atalowa anaima pakhomo n'kubwerera m'mbuyo ngati aponda njoka.

"Madamu, kodi phulusali wathira ndani?" anandifunsa.

"Kaya, ine ndapeza zili chonchi," ndinayankha. "Makiyi a muno amasunga ndi mayi a Esitere."

Mawu anga onse anali amenewo. Fufuzani bwino, simupezamo bodza. Koma ndinkadziwa kumene mawuwo akulowera, ndipo ndinawasiya apite.

Belu la buleki lisanalire, sukulu yonse inali itamva kuti mayi wa ku Phalombe watchera kompyuta. Wina anakumbukira kuti amuna awo anafa mosadziwika bwino. Wina anati n'chifukwa chake Esitere amakhoza masamu kuposa anyamata. Winanso anati mayiyo akufuna kundipengetsa kuti mpando wanga udzakhale wa mwana wake. Anthu amene dzulo lake ankawatuma kukawagulira mandasi, lero ankawalambalala pakhonde. Madzulo a tsikulo amayi atatu a kumpingo anabwera kwathu kudzandipempherera kuti chiwembu cha mdani chisandigwire. Ndinagwada, inu owerenga. Ndinagwada n'kumavomera ameni mokweza, ndikudziwa kuti mdaniyo anali m'botolo langa lomwe.

Lachisanu lomwelo, tisanaweruke, mayi a Esitere anawaitana pamaso pa ahedi, achiwiri awo ndi akulu ampingo awiri. Ine ndinali pomwepo, ndikulemba zokambirana pamanja. Mayiwo anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko.

"Ine ndinaona nyerere zikukwera pamakinapo, bambo," anatero motsitsa mawu. "Ndinati zingawononge katundu wa sukulu, ndiye ndinathira phulusa. Kwathu timatero."

Mkulu wampingo wina anafunsa monyoza kuti nyerere zikafunenji pa kompyuta ngati kuti ndi m'khitchini. Pamenepo mayi a Esitere anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Sanandiyang'ane mokwiya ayi. Anandiyang'ana ngati munthu amene wafika pakhomo ndi mtolo wa nkhuni, akudikira kuti umutule. Ine ndinaweramira pepala langa n'kumalemba zopanda mutu. Pabwalo limenelo palibe amene anatchula mawu oti ufiti, anthu ophunzira amadziwa kuzemba. Achiwiri kwa ahedi anangoti pofuka utsi pali moto, ndipo onse anagwirizana kuti pofuna kuti pasukulu pakhale mtendere, mayiwo asiye ntchito ndiponso atuluke m'kanyumba kaja mwezi usanathe.

Koma mayeso anali akudikira. Loweruka ahedi anandituma ndi kompyuta yonse, nditaikulunga m'chitenje, panjinga yamoto kupita ku Dzaleka, kumene kuli bambo wina wa ku Kongo wokonza mafoni ndi makompyuta. Iyeyo sanandifunse zambiri. Anazula kiyibodi yathu, n'kulumikiza yake, n'kundiuza kuti nditaipe. Chilembo chilichonse chinkatuluka mwaulemu wake.

"Mama, kompyuta ilibe vuto," anatero m'Chichewa chake chopotoka. "Wodwala ndi uyu."

Anaizondotsa kiyibodi ija n'kuigogoda patebulo, nyerere zakufa n'kumayoyoka. Kenaka anatenga kasikuludiraiva n'kutukula mabatani atatu. Pansi pake panali phala louma lofiirira, timisere ta chimera tili mbwee, ndi fungo losasa limene aliyense wa kuno amalidziwa. Bamboyo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati kiyibodi imeneyi inamwa thobwa, ndipo ndikanangoizula nthawi yomweyo n'kuizondotsa, n'kubwera nayo kuti aitsuke m'kati, ikanachira. Anati batani likamatirira pansi, kompyuta imayesa kuti munthu akulidina, ndiye imangolemba. Ufiti wonse umene unatekesa sukulu yathu unali umenewo, ndipo kuupeza sikunamutengere ngakhale mphindi khumi.

Ndinagula kiyibodi ina pomwepo. Yakaleyo ndinamupempha kuti aitaye. Taonani, umboni umene ukanayeretsa mayi a Esitere unali m'manja mwanga, ine n'kuusiya pamulu wa zinyalala ku Dzaleka. Njira yonse yobwerera ndinkadziuza kuti Lolemba ndikanena, ndikangopeza ahedi ali okha. Lolemba linafika, kompyuta inagwira ntchito ngati yatsopano, ndipo achiwiri kwa ahedi anaima pakati pa ofesi manja ali m'thumba.

"Mwaonatu? Mayi aja angochoka, makina achira okha!"

Anthu anaseka. Nanenso ndinamwetulira. Ahedi ndinawauza kuti wokonza uja wati kiyibodi inangokalamba.

Mayi a Esitere anasamuka mvula yoyamba itagwa, katundu ali pamutu. M'mudzi woyandikana ndi sukulu anawakaniza malo, poti mbiri inali itawatsogolera kale. Esitere analemba mayeso a teremu imeneyo atakhala yekha padesiki, anzake atamuthawa, ena akumuimba nyimbo pobwerera. Teremu yotsatira sanabwere. Ine ndinapitiriza kutaipa, kulandira malipiro, kuimba kwaya Lamulungu. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinkasowa tulo, koma zoona zake n'zakuti munthu amazolowera.

Patatha pafupifupi chaka, ndikuchokera kumaliro ku Mvera, minibasi inaima pa Chezi. Pakati pa amayi othamangira pawindo ndi mabeseni a tomato ndinaona nkhope ya mayi a Esitere, ataonda, chitenje chitasuluka. Ndinafuna kuwerama, koma maso athu anali atakumana kale. Ndinatsika ulendo usanathe. Anandilonjera mwaulemu womwe uja, mpaka kupinda maondo.

"Madamu, muli bwanji? Nanga makina aja anachira?"

Pamenepo m'pamene ndinalira, pamsika, anthu akuona. Ndinawauza kuti ndine ndinataya thobwa pa kiyibodi.

"Ndinkadziwa, madamu," anatero. "Pansi pa tebulo lanu panali pomata, ndinakolopa ndine. Fungo la thobwa silibisika."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere pabwalo paja.

"Ine wosesa ndikanati chiyani pamaso pa anthu a sukulu? Komanso ndinati madamu ali ndi ana, akawachotsa ntchito adya chiyani. Ndinkayesa munena nokha."

Munthu amene ine ndinamuponya m'moto ankaganizira ana anga. Nditafunsa za Esitere anandiuza kuti anakwatiwa ndi mnyamata wa utenanti pa esiteti ina cha ku Ntchisi, ndipo ndi woyembekezera. Ananena zimenezi akusanja tomato, osandiyang'ana. Sananditukwane, ndipo kunena zoona, bola akananditukwana.

M'mawa mwake ndinalowa mu ofesi ya ahedi n'kuulula zonse. Ndinali nditakonzeka kuchotsedwa. Iwo anakanda m'mutu n'kunena kuti madzi akatayika sawoleka, ntchito yosesa anapatsa kale munthu wina, ndipo ndisadzutse nkhani yogona chifukwa ingachititse manyazi akulu ampingo. Sanandichotse. Sanandipatse ngakhale kalata yochenjeza. Anangoti ndisamamwerenso thobwa mu ofesi. Chimene ndinkachiopa chija, chimene ndinagulitsira dzina la munthu, chinali kudzudzulidwa kwa mphindi ziwiri basi.

Sindinakhutire, ndinakanenanso m'chipinda cha aphunzitsi. Ena anangopitiriza kuchonga makope awo. Koma achiwiri kwa ahedi anauza anzawo kuti mayi uja ndi woopsadi, wandidyetsa mankhwala pa Chezi kuti ndizimuikira kumbuyo. Mpaka lero alipo amene amakhulupirira zimenezo. Bodza analilandira tsiku limodzi, koma choonadi ndayenda nacho khomo ndi khomo, palibe akuchifuna. Zimandipsetsa mtima, koma ndikwiyire yani poti woyambitsa ndine?

Ndiye inu owerenga, makamaka amene mumagwira makina m'maofesi a kumudzi kumene wodziwa kompyuta ndinu nokha, ndimvereni. Kiyibodi ikayamba kuchita zachilendo, musathamangire kuyang'ana nkhope za anthu. Zimitsani n'kuyatsanso, yesani bowo lina, bwerekani kiyibodi ina mulumikize. Ina ikagwira, dziwani kuti vuto lili mu yanuyo, itengereni kwa wokonza aitsegule. Mukatayirapo chakumwa, zulani chingwe nthawi yomweyo, izondotseni, ndipo kauzeni bwana wanu dzuwa lisanalowe. Akukalipirani, inde, koma mawa kucha. Ndipo mukadzamva gulu likutchula munthu kuti mfiti pamene inu mukudziwa chimene chachitika, tsegulani pakamwa tsiku lomwelo, chifukwa mukadikira Lolemba mudzapeza kuti palibenso wofuna kukumverani.

Ine ndidakali pampando womwe uja. Sabata yatha ahedi anandipatsa mayina a ana a Folomu 4 amene adzalembe mayeso a boma kuti nditaipe. Ndinataipa onse, mmodzimmodzi, anzake a Esitere amene iye ankawaposa m'kalasi. Kiyibodi inagwira bwinobwino, palibe batani linavuta, koma dzina la Esitere panalibe.