Kyutekisi pa Laputopu ya Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene amalume anga, mlangizi wa zaulimi, anayamba kundiphunzitsa kompyuta kunyumba kwawo ku Migowi. Laputopuyo inali ya ku ofesi, ndipo lamulo linali limodzi: ndikangoiwononga, sindidzaigwiranso. Ndinkaikonda koopsa, moti ndinkasamba m'manja ndisanaigwire kuposa mmene ndinkasambira pofuna kudya.

Loweruka lina anandisiyira ntchito. Mu pulogalamu ya R, imene ankawerengera zokolola, munali manambala a nandolo wa alimi a kwa Chiwalo ndi kwa Kaduya. Anandionetsa kulemba mawu akuti plot, ouza kompyuta kuti ijambule manambalawo, ndipo timadontho takuda tinamwazika pagalasi ngati zitosi za mbuzi.

"Ta kwa Chiwalo tikhale tofiira kuti tisiyane ndi tinato. Lolemba ndikaonetsa alimi," anatero, n'kutuluka kupita pakhonde pomwe panali alendo a kutchalitchi.

Kasinthidwe ka mtunduwo sananene. Kwathu mtsikana wolongosoka sadula akuluakulu pakamwa, ndipo ine ndinali wolongosoka mopitirira muyeso. Ndinafika pakhomo, ndinagwada, ndinamva akukambirana za denga la tchalitchi, ndinabwerera chamumtima. Intaneti panalibe. Ndinadina apa, ndinadina apo, timadontho tili bii. Kenaka maso anga anagwera pa kabotolo ka kyutekisi wofiira wopaka zikhadabo wa akazi awo a amalume, kali pawindo.

Ndinatenga kamtengo ka machesi. Ndikayang'ana nambala, ndipeze kadontho kake, ndidonthezepo kyutekisi, ndiuzirepo mpweya. M'chipinda monse munangoti guu fungo, koma ntchito inali yaukhondo ndipo ndinanyadira.

Alendo atapita, amalume analowa n'kuyang'ana chapatali. "Koma mwana iwe uli ndi mutu," anatero. Kenaka anatseka chojambulacho. Timadontho takuda tinachoka, tofiira tinatsala. Kumbuyo kwake kunali chithunzi cha ukwati wawo, ndipo nkhope ya mkwatibwi inaoneka ngati yagwidwa chikuku.

Anakanda galasilo ndi chikhadabo, ananunkhiza chala, anandiyang'ana. Mtima wanga unasweka, ndinadziwa kuti ine ndi laputopu tasiyana.

"Bwanji sunafunse?"

"Munali ndi alendo, amalume."

"Sindikunena ine. Ndikunena laputopu iyoyi. Ndi apongozi ako iyi kuti uziithawa?"

Analemba chizindikiro cha funso, n'kutsatiza plot. Panatseguka tsamba lalitali lachingerezi lofotokoza zonse, popanda intaneti. Tsambalo linatitumiza ku lina lotchedwa par, ndipo kumeneko, pakati pa madontho anga ofiira, ndinawerenga ndekha kuti mtundu amasintha ndi mawu akuti col. Nthawi yonse imene ndinkauzira kyutekisi, yankho linali m'makina momwemo likungodikira.

Madzulo onse ndinatha ndikupala galasi ndi chikhadabo, akazi awo a amalume akuseka mpaka kupukuta misozi. Nditamaliza, amalume anaiunika laputopuyo panyali kwa nthawi yaitali. "Mawa tikabwera kutchalitchi uwerenge tsamba lonselo," anatero. Sindinayambe ndakondwerapo ndi chilango chotero.

Lero ndimadya za manambala omwewa, ndipo ndikaona wophunzira ali duu pakompyuta, thukuta lili kamukamu, ndimadziwa kuti akuganiza kuti akusunga ulemu. Inenso ndinkatero. Koma umene ndinagwada nawo pakhomo paja sunali ulemu ayi, anali mantha atavala chitenje.