AJafali ndi Afiti a M'mafilimu

Ndikakumbukira aJafali, oyandikana nafe nyumba ku Chipoka, ndimamva fungo la utsi wa jenereta ndi la usipa wouma pa thandala, komanso mawu awo osasa akutuluka m'chisakasa chomwe ankaonetseramo mafilimu masana. Chizungu sankachidziwa kwenikweni, koma ankatimasulira mafilimu a malupanga ndi zinjoka zolavula moto ngati anakulira nazo mudzi umodzi. Chotikwiyitsa chinali choti mfiti iliyonse ankaiikira kumbuyo.

"Musamutukwane uyu," ankatero, "mwana wake Yusufu anamwalira. Ngwazi ija nayonso inafedwa. Koma wina analira n'kusamba m'maso, wina analira n'kunola mpeni."

Filimu iliyonse mwana wa mfiti anali Yusufu, ndipo tinkawaseka kuti maina anawathera.

Ndili ndi zaka khumi, mphepo ya mwera inawapeza bambo panyanja, ndipo masiku atatu anadutsa boti osaoneka. Mayi anasiya kudya. Ine mtima unali m'mwamba, aliyense wodutsa kuseri kwa mpanda ndinkati wabwera ndi uthenga wa maliro. Anthu ankanong'ona kuti mwini boti, aMbewe, anawakakamiza kupita mphepo akuiona. Tsiku lachitatu ndinaba machesi a mayi n'kulunjika komwe aMbewe ankayanika makoka.

AJafali anasiya filimu ili mkati n'kunditsekera njira.

"Iwe Asiyatu, machesiwo ukukaphika chiyani kumchenga?"

Ndinafumbata machesiwo mwamphamvu. "Nanga bambo akapanda kubwera?"

"Udzalira, ndipo ine ndidzakuthandiza kulirako. Koma awa bweretsa kuno."

Zinandiwawa kuti sananene kuti bambo abwera. Anangondifumbatula dzanja, chala chimodzichimodzi, n'kutenga machesiwo.

M'mawa mwake uthenga unafika kuti mphepo inakankhira boti ku chilumba cha Mbenji injini itafa, koma onse ali moyo. Nditawaululira mayi za machesi aja, anandiuza kuti ndisanabadwe, aJafali anali ndi mwana mmodzi yekha, yemwe anamira bwato litagubuduzika. Wopalasa tsikulo anali bambo anga, omwe aJafali ankawapatsa moni m'mawa uliwonse pampanda.

"Dzina lake anali ndani?" ndinafunsa, ngakhale ndinali nditadziwa kale.

Mpaka lero, ndikapsa mtima, ndimamva zala zawo zikufumbatula zanga.