Kabotolo ka Agogo NyaMhone

Ndikakumbukira agogo NyaMhone, amene anabereka amayi anga, ndimamva mafungo awiri osagwirizana: la chinangwa chonyika chimene ankasinja kuseri kwa nyumba kwathu ku Kande, ndi la kabotolo ka perefyumu kamene ankabisa mumphika wosweka kunsi kwa bedi.

Kabotoloko anawapatsa ndi mzungu wina amene ankamuchapira zovala kuloji, mayi wopanga yekha mafuta onunkhira kwawo, osapezeka m'sitolo iliyonse. Akangotsekula, nyumba yathu yautsi ija inkadzaza fungo la vanila, lotsekemera ngati keke ya paukwati, pambuyo pake n'kubwera la maluwa, lozizirira, lokanirira pansalu.

Koma eni akewo kudzola ayi. "Ndinunkhirire ndani, usipa?" ankatero. Agogo ndiwo ankasambitsa maliro a azimayi m'mudzi mwathu, ndipo akamaliza ankadontheza kadontho kamodzi pachipumi pa womwalirayo. Mafutawo atatsala pansi penipeni, analeka. Ngakhale pamene anamwalira mkazi wa mkulu wa mpingo, anakana ndithu. Anthu anawanena kuti ndi oumira, iwo osatekeseka n'komwe.

"Otsalawa ndi anga," ankatero agogo. "Ine ndanunkha nsomba ndi utsi moyo wanga wonse. Kwa Mulungu nakonso ndikafike choncho?"

Kenaka amayi anga anadwala, ine ndili kupulayimale. Anakhosomola dzinja lonse, anawonda, n'kutisiya. Pa tsiku lowasambitsa fungo lija linandipeza ndili panja pamkeka, lamphamvu kuposa kale lonse, mpaka azimayi oimba nyimbo analekeza n'kumayang'anana. Agogo anatuluka ndi kabotolo kopanda kanthu. Anali atakhuthula onse, n'kutsukuluza ndi madzi, n'kuthiranso. Ndinalira mpaka mawu kusasa, ndipo zinandiwawa kuti iwo sanagwetse msozi.

Patapita zaka, iwo atachita khungu, ine ndikugwira ntchito kuloji komwe kuja, ndinawauza kuti ndikawagulira perefyumu wina ku Mzuzu, adzapite naye.

"Yewo, mzukulu, koma usayerekeze," anatero. "Ukadzandidzoza wina udzandisokoneza. Kumwambako anthu ndi ambiri, ine sindiona. Mwana wanga ndikamupeza ndi mphuno."

Atamwalira, tinawaika atasambitsidwa ndi sopo wamba, monga ananenera.

Lero mlendo wodzola vanila akandidutsa pakhonde la loji, ndimatembenuka msanga, tsache lili m'manja. Ndili ndi ana angaanga tsopano, koma ndimafunabe amayi.